Mabatire a Apongozi Anga a Selemani

Pa arobaini ya apongozi anga, a Selemani, mwambo wa tsiku la makumi anayi chimwalirireni, panabwera mlendo amene sitinamuyembekezere. Anali a Nyirenda, a sitolo ya ku Dwangwa, munthu wa mpingo, amene zaka zonsezi anali asanapondepo pakhomo pathu. Anakhala pamphasa pamodzi ndi azibambo, ndipo pamene shehe ankapereka duwa, nawonso anatambasula manja ngakhale mawu ake sankawadziwa. Anthu atayamba kubalalika, anandiitanira pambali n'kundipatsa kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala.

"Amama, awa ndinawasungira iwo," anatero. "Uthenga unandipeza katundu atafika kale. Kulije wina wogula mtundu uwu."

Munali mabatire akuluakulu, osatsegula. Ndisanaganize n'komwe, ndinapeza ndikuwayeza kulemera m'dzanja, kenako ndikutembenuza paketi kufuna deti, monga anandiphunzitsira apongozi angawo. Apo m'pamene ndinalira, ine amene ndinaphika tsiku lonselo maso ali gwa.

A Selemani anali munthu wotsika pansi pa nyanja. Kwathu kuno asodzi ndi ambiri, koma ambiriwo nyanja amaidziwa pamwamba pokha. Ukonde ukakodwa m'miyala, injini ikapulumuka pa boti, nangula akakanirira, anthu ankabwera kwa iwo. Munthu akamira osayandama ankabweranso kwa iwo, koma pamenepo ankabwera akuyenda pang'onopang'ono, zipewa zili m'manja. Apongozi anga ankaidziwa nkhani poona mayendedwe, munthu asanalonjere n'komwe.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata, kwa mzungu wina amene ankagwira mbuna, tinsomba ta mawangamawanga ta m'miyala, n'kumatumiza kunja tili tamoyo. Mzunguyo pochoka anawasiyira magalasi a kumaso, kamakina kopopa mpweya kudzera m'payipi yaitali, ndi tochi yachikasu yosalowa madzi, yolemera ngati kamunsi. Magalasi anasintha kangapo. Makina anakonzedwa mpaka sipanatsale chitsulo chake chenicheni. Koma tochi inakhala yomweyo. Osadziwa ankafunsa kuti tochi ndi ya chiyani poti amatsika masana. Iwo ankayankha kuti dzuwa limathera pamwamba, kunsi kwa thanthwe kulibe m'mawa kapena masana, ndipo maukonde ndi anthu omira amakonda kukalowa komweko kumene dzuwa silifika.

Anali aafupi, a chifuwa chotakata, khutu limodzi logontha ndi madzi, moti ankalankhula mokweza ngakhale pakhomo pa mzikiti. Tiyi ankamwa wopanda shuga, chonsecho minda ya nzimbe tili nayo pafupi. Kampango sankadya. Ankati anakhala naye m'mapanga zaka zambiri, ndipo munthu sudya mnansi wako.

Ine ndinakwatiwa ndi mwana wawo wachisamba, Yusufu. Ndinachokera kumtunda, ku Kanyenda, kumene batire ndi batire basi. Ndili mtengwa watsopano, tsiku lina popita kumsika apongozi aakazi anandiuza kuti ndiwagulire bambo mabatire. Ndinagula pa okala yoyamba imene ndinaiona, ofiira, onyezimira, otchipa, ndikudzitama mumtima kuti aona okha kuti mwana wawo wakwatira mkazi wodziwa kusunga. Nditafika ndinagwada n'kuwaika pamphasa.

Anatola limodzi n'kuliyeza m'dzanja. Analibweza pamene linali. Kenako anatembenukira kwa akazi awo, poti mwamwambo sakanandidzudzula maso ndi maso.

"Mayi a Yusufu, tawafunsani anawa ngati ndawalakwira kanthu."

"Afunseni nokha, si awa ali apawa," anayankha apongozi aakazi.

"Afunseni ngati atopa nane kale, poti angofika kumene."

Ndinangoti zyoli ndi manyazi. Apongozi aakazi anaseka mpaka kutsokomola. Bambo ataona kuti misozi yalengeza, anatsitsa mawu, n'kuyamba kufotokoza. Maso anali kwa akazi awo, koma phunziro linali langa.

Batire lopepuka, anatero, ndi lopanda kanthu m'kati, ngati mtedza wa mphwepwa. Paketi yotsegula kale ndisagule, ngakhale wogulitsa alumbire. Deti ndiziliona ndekha, osati kuuzidwa. Onse akhale a mtundu umodzi, ogulidwa tsiku limodzi, chifukwa lakale likalowa pakati pa atsopano limawalemetsa onse ngati wopalasa waulesi m'bwato, ndipo mapeto ake limachucha tinthu toyera tija todya tochi m'kati. Ofiira ndinagulawo ankati amawala bwino pamtunda, koma akamva kuzizira kwa pansi amafooka nthawi yomweyo. Zoyanika mabatire padzuwa kapena kuwaluma ndi mano, zimene tinkachita kwathu kuti wailesi ilankhulebe, ankati kumeneko n'kunamiza wailesi, koma nyanja sinamizika.

Kuyambira tsiku limenelo, kugula mabatire inakhala ntchito yanga. Ndinkagula kwa a Nyirenda, amene ankawaitanitsa ku tauni chifukwa cha apongozi anga okha. Anthu awiriwa anakangana zaka zambirimbiri kudzera mwa ine. Bambo ankandituma kuti ndikawauze a Nyirenda kuti paketi yatha ija inagona pafupi ndi zenera, dzuwa linaiwomba. A Nyirenda ankandibweza ndi mawu akuti ndikawauze madalawo kuti sitolo yawo si uvuni. Ine mawu ndinkawafewetsa m'njira, ndipo ndikukhulupirira kuti onse awiri ankadziwa.

Sindikunena kuti anali munthu wophweka. Pakhomo pathu mabatire anali ndi maudindo. Atsopano ankalowa m'tochi yachikasu. Akatsika nawo n'kuyamba kufooka ankapita ku wailesi ya apongozi aakazi, ndipo akalephera wailesi ankathera m'katochi ka ana. Kukwera sankakwera, ankangotsika. Ndiye nthawi ina mchemwali wa apongozi aakazi ali kayakaya kuchipatala, mafoni asanachuluke, wailesi inafa pa nthawi ya mauthenga. Mayi anatsegula tochi yachikasu, n'kubwereka mabatire, n'kumvera mauthenga, n'kuwabwezera mwakachetechete. Mawa lake bambo anangotsegula kamodzi n'kudziwa, chifukwa iwo ankaika onse zilembo zitaloza mbali imodzi.

Sanakalipe. Anangosiya kuwalankhula. Masiku angapo mthenga ndinali ine.

"Mayi a Amina, auzeni apongozi anu kuti tiyi wazizira."

"Kawauzeni kuti tiyi alibe deti," ankayankha mayi ali pomwepo.

Ndinkaona kuti bambo akuwonjeza, ndipo mpaka lero ndimaona choncho, poti munthu anali ndi nkhawa ya m'bale wake. Koma nkhaniyi inatha mwa njira yawoyawo. Ulendo wotsatira wa ku Dwangwa bambo anandinong'oneza, kunong'ona kwawo kuja komveka mpaka kwa aneba, kuti ndigule mapaketi awiri. Inayo anakaiika okha pamwamba pa wailesi osanena kanthu. Mayi amati m'banja lawo lonse, kupepesa anakumva tsiku limenelo lokha.

Chifukwa chake cha zonsezi bambo anandiuza kamodzi, tikusankha mpunga pakhonde. Akali kwa mzungu uja, tochi inawazimira ali m'kati mwa phanga. Anati mdima wa kumeneko si ngati wa pamtunda, kumene umadziwa kuti pansi ndi uku. Kumeneko sudziwa kumwamba, sudziwa khomo. Anatuluka potsata payipi ya mpweya ndi manja, mutu ukugunda miyala. Anangonena kuti kuyambira pamenepo amakonda batire lodziwa kutsanzika, limene likamatha limayamba lafiiritsa kuwala pang'onopang'ono, ngati mlendo waulemu amene amanena kuti wayamba kunyamuka.

Mawu amenewa ndi amene anawayambanitsa ndi Yusufu m'zaka zaposachedwa. Amuna anga, amene nawonso anali atayamba kutsika, anabwera ndi tochi yatsopano, yaing'ono ngati nthochi, yotchaja pa sola, yowala mothobwa m'maso. Bambo anaikana. Anati mabatire otchajawa ndi achipongwe, amawala mofanana mpaka pomaliza kenako n'kungoti phethi, osatsanzika.

"Bambo, ili ndi kanyali apa," anatero Yusufu. "Kakafiira ndiye kuti yatsala pang'ono."

"Ukuyang'ana kanyali, ukonde akuyang'anira ndani?"

"Yanuyo ndi yolemera, ndipo mabatire ake akusowa."

"Akusowa kwa osawafuna."

Anakokanakokana nyengo yonse ya usipa. Apa apongozi anga analakwa, ndipo ankadziwa. Tochi yatsopano ija inali yabwino. Inkaona patali, inkakhalitsa. Ndinawapezapo tsiku lina ataitenga mwakabisira akuiyatsa ndi kuizimitsa pansi pa bedi. Kugonja kwawo kunali kwa mtundu wawo. Anaitana Yusufu n'kumuuza kuti azitsika ndi yatsopanoyo m'manja, koma yachikasu izikhala m'chiuno, yodzaza mabatire atsopano. Anati yaing'onoyo ikadzachita chipongwe, nkhalambayo idzamutulutsa. N'chifukwa chake ndinapitirizabe kupita kwa a Nyirenda ngakhale mwini wake anali atasiya kutsika.

Koma chimene anthu a kuno amawakumbukira nacho chinachitika kale, tochi zotchaja zisanabwere, mwana wanga Amina akuyamwa.

Chinali chaka chimene mwera unawomba osapuma. M'mawa wina boti la anyamata atatu linatembenuzika pa Mapanga, malo a miyala amene amaoneka patali ukaima pa doko lathu. Awiri anasambira n'kukakamira pa mwala. Wachitatu, Hamisi, ukonde unamukulunga miyendo n'kutsika naye. Hamisi anali atangokwatira chaka chinacho. Mkazi wake, Asiyatu, anali ndi khanda kumsana.

Tsoka lake, dzulo lake bambo anali atatsika nthawi yaitali kufuna injini ya munthu wina. Mabatire anali atafiira, n'kutsikira ku wailesi. Ine ndinali woti ndidzapite ku Dwangwa tsiku la msika. Anthu a zipewa m'manja aja atafika, tochi inali yopanda kanthu.

Nkhani itamveka pa doko, anthu anathamangira m'makomo. Anachotsa mabatire m'mawailesi, m'matochi, wa okala anakhuthula onse amene anali nawo. Anawaunjika m'lichero n'kuwaika pamaso pa bambo. Iwo anagwada pamchenga n'kuyamba kutola limodzilimodzi, kuliyeza, kulitembenuza, kuliika pambali. Sanadumphe ndi limodzi lomwe, poti anthu anapereka ndi mtima wonse. Lichero litatha anaimirira.

"Mayi a Amina, musiyeni mwana kwa agogo ake. Pitani kwa a Nyirenda."

Ndinanyamuka momwemo, ndi chitenje chophikira. Zimene zinachitika m'mbuyo mwanga anandiuza apongozi aakazi ndi Asiyatu mwini wake.

Mkulu wake wa Hamisi, Bwanali, ndiye anayamba. Anaima pamaso pa bambo.

"A Selemani, mng'ono wanga ali m'madzi. Inu mukusankha mabatire ngati mpunga wa pa ukwati?"

"Ndamva, Bwanali."

"Dzuwa likupita. Tikufuna timuike lero, monga mwa chipembedzo. Ngati mukuopa mwera, nenani."

Ena anayamba kung'ung'udza kuti munthu akakalamba mtima umachepa. Wina anati tochi ndi tochi, bola iyake. Yusufu, amene nthawi imeneyo ntchito yake inali yoyang'anira makina a mpweya m'boti, manyazi anamugwira. Anatola mabatire anayi ooneka bwino m'lichero muja n'kutambasula dzanja kuti atenge tochi, ati atsika yekha.

"Yusufu, bweza," anatero bambo. "Lero nyanja yatenga mwana wa eni. Wanga sindiiwonjezera."

Anatenga tochi n'kuiika pamiyendo pawo, n'kukhala pansi pamchenga, pakati pa anthu onse amene ankawanena.

Pamenepo Asiyatu anachoka pagulu la amayi. Anali atalira mpaka mawu kusasa. Anafika n'kugwada patsogolo pawo.

"Bambo, akuzizidwa kumeneko."

Apongozi aakazi amati aka kanali koyamba kuona amuna awo akulankhula motsitsa zenizeni.

"Mwana wanga, amuna ako sakumvanso kuzizira. Ndikatsika ndi awa, mwina ndiwapeza. Koma tochi izima ndisanawamasule, ndipo ndidzawakoka mumdima ngati thumba la chimanga. Kapena ndidzatsala nawo konko. Ukufuna ndiwatulutse motani?"

Asiyatu anadzuka, n'kukhala pansi pambali pawo, n'kumasula mwana kumsana, n'kuyamba kumuyamwitsa, maso ali ku Mapanga. Mwini maliro atakhala pansi, enawo anasowa poyambira. Mmodzimmodzi anakhala pansi nawonso. Bwanali yekha ndiye anatsala chiimire, akuyendayenda m'mphepete mwa madzi.

Ine ulendo umenewo sindidzauiwala. Kabaza mpaka kumsewu wa tala, kenako minibasi yoima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Ndinkafuna kukuwa nthawi iliyonse kondakitala akatsika kukamanga matumba a makala. Ku Dwangwa ndinapeza a Nyirenda akudya kuseri kwa sitolo. Nditangonena kuti munthu wamira, anasamba m'manja osamaliza. Anatenga paketi ya pansi penipeni pa katoni, deti analiona okha, n'kundipatsa kuti nanenso ndione. Kenako anaitana mphwawo wa njinga yamoto n'kumuuza kuti akandisiye pa doko penipeni, asaime pena paliponse.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Anthu anandipatsa njira. Ndinagwada n'kupereka paketi ija, ndikuganiza kuti lero lokha angoika n'kunyamuka. Ayi. Anayeza limodzilimodzi. Anaona deti. Anachotsa kamphira kotseka pakamwa pa tochi, n'kukapukuta, n'kukapaka mafuta ndi nsonga ya chala, n'kukabwezera. Anthu onsewo akuyang'ana, mwera ukuwomba, iwo osafulumira. Atayatsa, kuwala kunaoneka koyera ngakhale masanawo.

"Mayi a Yusufu, nsalu ija," anatero.

Apongozi aakazi anawapatsa nsalu yoyera yopinda, ndipo anaimanga m'chiuno. Ndinali nditaionapo nsaluyo m'sutikesi yawo koma sindinafunsepo ntchito yake.

Anapita anthu ochepa, Yusufu pa makina, Bwanali ndi ena awiri pa nkhafi ndi chingwe. Ife tinatsala pamtunda, tikuona boti likukwera ndi kutsika pafupi ndi miyala. Yusufu anandiuza pambuyo pake kuti poyamba thovu la mpweya linkayendayenda, kusonyeza kuti bambo akufufuza. Posakhalitsa linaima malo amodzi. Onse anadziwa kuti amupeza, ndipo anagwira chingwe kudikira chizindikiro choti akoke. Chizindikiro sichinabwere. Thovu linkangotuluka pomwepo, osasuntha. Bwanali anafunsa ngati madalawo akodwa nawonso. Yusufu anati nayenso ankaganiza zomwezo. Anangogwira payipi ija m'manja, akuimva ikugunda ndi mpweya, akuwerenga duwa zonse zimene ankazidziwa.

Kenako chingwe chinagwedezeka.

Hamisi anatuluka m'madzi atakulungidwa nsalu yoyera kuyambira kumutu mpaka m'mawondo, yomangidwa bwino ndi timfundo. Panalibe ulusi wa ukonde ndi umodzi womwe pathupi pake. Bambo anatuluka pambuyo, milomo itachita bii ndi kuzizira, tochi ili m'khwapa, kuwala kwake kutayamba kufiira.

Ukonde ndi mafunde zinali zitamuvula mnyamatayo, n'kumukankhira kunsi kwa thanthwe. Bambo anadula ukondewo ulusi umodziumodzi, m'malo mokoka, kuti usamucheke. Anamutseka maso. Anamuwongola manja. Anamuveka nsalu konko, mumdima muja, kuti pamtunda asaonedwe mmene madzi anamusiyira. Bwanali atalandira mng'ono wake m'boti n'kuona mmene wabwerera, anakhala pansi n'kubisa nkhope.

Anamuika tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe.

Maliro atatha, Bwanali anabwera pakhomo pathu atanyamula kampango wamkulu. Anagwada n'kumuika pansi. Ife tonse tinayang'anana, poti mudzi wonse unkadziwa za kampango, koma iye ndi chisoni anaiwala. Bambo anamulandira ndi manja awiri, n'kuthokoza kwambiri, n'kuyamikira kunona kwake. Bwanali atapita, anatiuza kuti tiphike tidye, iwo apita kukaona munthu kumsika. Anabwerako titatsuka mbale.

Patapita nthawi ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chake sanawauze anthu aja tsiku lija zimene ankafuna kukachita pansipo, m'malo mongokhala akunyozedwa. Anati sakananena pamaso pa mkazi wake ndi mayi ake mmene munthu amaonekera akamira. Anati kupeza munthu sikuchedwa, chochedwa ndi kumukonza, ndipo batire limene amalifuna ndi loti likwanire zonse ziwiri. Ndinadziwa pamenepo kuti si Hamisi yekha. Onse amene anawatulutsa zaka zonsezo anatuluka atavala.

Kutsika anasiya maso atayamba ng'ala. Sanadandaule pakamwa, koma boti likamapita ndi Yusufu ankatchera khutu labwino lija ku nyanja mpaka amve injini ikubwerera. Deti pa paketi sankaliona, ndiye ndinkawawerengera, iwo n'kuyeza m'dzanja. Nthawi zina ankandiuza kuti ndibwereze, ati ndawerenga mothamanga ngati munthu wobisa kanthu.

Anadwala nthawi yochepa, mpunga utayamba kucha m'madambo. Tsiku lina ndikuwapatsa phala anaseka okha. Nditafunsa, anati anthu onse ankawalosera kuti adzathera m'madzi, koma taonani akuthera pamphasa youma, mtengwa akuwamwetsa phala ndi supuni. Anati Mulungu ali ndi nthabwala zake. Anamwalira m'mawa, atangomaliza kuswali chogona, akazi awo ali pambali.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo wa bwemba, ndipo pansi pake pali theka la dilamu. Mmenemo ndi mmene ankamizamo tochi asanapite kunyanja, n'kukhala pa kampando ka miyendo itatu akuyang'ana ngati patuluke kathovu. Maso atafooka ankakhalabe pomwepo tsiku lonse, dzanja limodzi lili m'madzi. Kampandoko anakatenga mlongo wawo wa ku Malengachanzi. Patsala timaenje titatu pamene miyendo yake inkaponda, ndi malo osalala pamene iwo ankaika mapazi. M'dilamu mwagwera masamba a bwemba, ndipo abakha a aneba azolowera kudzamwamo, poti wowathamangitsa palibe.

Mtengwa sasesa pafupi ndi mapazi a apongozi ake. Zaka zonsezi m'mawa uliwonse ndinkasesa bwalo lonse, ndikafika pa bwemba n'kuzungulira patali, kudikira kuti adzuke. Dzulo Amina anandifunsa chifukwa chake pamalopo pali zinyalala chonsecho bwalo lonse ndasesa. Ndinayang'ana, ndipo zinalidi choncho. Mizere ya tsache inafika pafupi, n'kukhota, n'kupitirira mbali inayo.